Momwe Mungasungire Miyambo ya Zikondwerero M'banja ndi M'tauni Yaing'ono

Ndinali mmodzi mwa anthu amene anapatsidwa udindo wokonza sewero la ana la pa Khrisimasi m'chaka chimene mayi amene ankaliyendetsa kwa zaka zambirimbiri anasamuka kukakhala ndi ana awo kutali. Tonsefe tinali titaonera seweroli kuyambira tili ana, ndipo ena mwa ife tinaseweramo ndithu, choncho tinkaganiza kuti palibe chimene chingativute. Titakumana tsiku loyamba, tinapeza kuti palibe amene ankadziwa kumene kunkasungidwa bokosi la zovala, palibe amene ankakumbukira bwinobwino nyimbo yoyambira ndi yotsekera, ndipo mawu amene mngelo amalankhula kwa abusa aliyense ankawanena mosiyana ndi mnzake. Zonsezi zinali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo m'zaka zonse zija palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganizapo zokhala nawo pansi mayiwo n'kuwafunsa. Sewero linachitika, koma zigawo ziwiri zimene anthu ankazikonda kwambiri sizinabwererenso mpaka lero.

Kuyambira chaka chimenecho ndinazindikira kuti chikondi chokha sichisunga mwambo. Anthu akhoza kuukonda ndi mtima wonse n'kumauyembekezera chaka ndi chaka, koma mwambowo n'kufa m'nyengo imodzi ngati ntchito yake ili m'manja mwa munthu mmodzi. Vutoli limakula kwambiri m'tauni yaing'ono, chifukwa anthu odzipereka amakhala ochepa ndipo amakhala omwewomwewo kumapemphero, kusukulu ndi kumaliro, pamene achinyamata ambiri amachoka kukaphunzira kapena kukagwira ntchito m'mizinda ikuluikulu n'kumangobwera pa masiku a chikondwerero. Malangizo amene ndikupereka panowa ali ndi cholinga chimodzi, chakuti pa mwambo uliwonse umene banja lanu kapena tauni yanu imaukonda pakhale munthu wamng'ono kwa inu amene angauyendetse inu kulibe.

Yambani ndi kufunsa

Kukatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti nyengo ya chikondwerero ifike, funsani aliyense wa m'banja mwanu payekha kuti pa zonse zimene mumachita pa nyengoyo, ndi chiti chimene chingamupweteke mtima chitapanda kuchitika. Muwafunse paokhapaokha chifukwa pagulu ana amangobwereza zimene anena akuluakulu, ndipo akuluakulu amatchula zimene akuganiza kuti ndi zoyenera kutchula. Mayankho ake amadabwitsa. Zinthu zodya ndalama zambiri sizitchulidwa kawirikawiri. Mwana amanena kuti amakonda kudzutsidwa kukadali mdima kuti aperekeze bambo ake kukatenga agogo, wina amatchula nkhani imodzimodziyo imene agogowo amakamba chaka chilichonse atamaliza kudya, ndipo mwina mayi wa m'nyumbamo amanena kuti chimene amachilakalaka ndi ola limodzi lija la madzulo pamene mbale zatsukidwa ndipo aliyense wakhala pansi.

Pa mayankho amenewa sankhanipo zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mudzazichita chaka chilichonse zivute zitani, ndipo zotsalazo muzione ngati zokometsera zimene zingachitike mukakhala ndi mphamvu ndi ndalama. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndaona mabanja amene ali ndi miyambo khumi, ndipo yonseyo imasenzedwa ndi mayi mmodzi amene amafika tsiku la chikondwerero atatopa kotheratu. Mwana wamkazi amene wakula akuona mayi ake akuvutika chotero sadzafuna kulandira katundu ameneyo akadzakula, ndipo simungamuimbe mlandu.

Tsiku lisamavute kulidziwa

Mwambo umafuna tsiku lodziwika kuti munthu amene ali kutali athe kupempha tchuthi kuntchito ndi kusunga ndalama ya ulendo popanda kuyembekezera kuti wina amuimbire foni. Khrisimasi siivuta kwa ambiri chifukwa imakhala pa 25 Disembala, ngakhale kuti mipingo ina ya Orthodox, monga ya ku Ethiopia, Egypt, Russia ndi Serbia, imakondwerera pa 7 Januwale. Ku Russia ndi ku Serbia mipingoyi imatsatabe kalendala yakale ya Julius Caesar, imene panopa ili m'mbuyo ndi masiku 13 poyerekeza ndi kalendala imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582. Ngati m'tauni mwanu muli banja lochokera kumayiko amenewa, ndi bwino kudziwa zimenezi kuti musadabwe nawo akamakonzekera inu mutamaliza kale.

Zikondwerero zina zimasunthasuntha, ndipo apa ndi pamene makomiti ambiri amasokonezeka. M'mipingo imene imatsata kalendala ya masiku ano, tsiku la Pasaka limakhala Lamlungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Marichi kapena pambuyo pake, choncho likhoza kugwa tsiku lililonse kuyambira pa 22 Marichi mpaka pa 25 Epulo. Chaka cha Chisilamu chimawerengedwa ndi mwezi wakumwamba ndipo chili ndi masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Eid al-Fitr, imene imabwera mwezi wa Ramadan ukatha, ndi Eid al-Adha, imene imakhala pa tsiku la 10 la mwezi wa Dhu al-Hijjah, zimabwera mofulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Tsiku lenileni la Eid limatsimikizidwa mwezi ukaoneka, choncho wokonza zinthu ayenera kusiya mpata wa tsiku limodzi.

Chimene ndimalimbikitsa n'chakuti mwambo wanu muumangirire ku chikondwererocho ndi lamulo losavuta kuloweza, monga lakuti chakudya cha tauni yonse chimakhala Loweruka lomaliza Khrisimasi isanafike, kapena lakuti banja limakumana tsiku lachiwiri la Eid masana. Lamulo lotere limadziwerengera lokha chaka chilichonse. Mukamasankha tsiku mwatsopano chaka ndi chaka, mumatsegula khomo la mikangano, ndipo chaka chimene anthu adzalephere kugwirizana ndi chimene mwambowo udzaphonyedwe koyamba. Kumayambiriro kwa chaka, mlembi wa komiti atenge kalendala n'kuikapo masiku a zipembedzo zonse za m'tauniyo pamodzi ndi masiku otsegulira ndi kutsekera sukulu, kuti zochitika zisawombane.

Anthu okwatirana kumene akambirane msanga za kumene adzakhale pa chikondwerero, kwa makolo a mwamuna kapena a mkazi. Njira imene imabweretsa mtendere ndi yosinthanasinthana zaka, ndipo makolo a mbali zonse ziwiri auzidwe nyengo isanayandikire.

Ntchito ikhale m'manja ambiri, ndipo ana akhale patsogolo

Miyambo ina imene yakhalitsa kwambiri padziko lapansi inayamba ndi zinthu wamba ndi anthu wamba. Mu 1223, Francis wa ku Assisi anakonza Khrisimasi m'phanga la pafupi ndi kamudzi ka Greccio ku Italy. Anaikamo chodyeramo ziweto chodzaza ndi udzu, nabweretsa ng'ombe ndi bulu, ndipo anthu a m'deralo anabwera usiku atanyamula miyuni. Zimene anagwiritsa ntchito zinali zopezeka m'khola la mlimi aliyense, n'chifukwa chake mudzi wina uliwonse unatha kutengera. Mukamayambitsa mwambo m'tauni mwanu, dzifunseni ngati anthu angathe kuubwereza m'chaka cha mavuto a zachuma. Ngati ukudalira zokuzira mawu zobwereka kutali kapena mlendo wolemekezeka wochokera mumzinda, tsiku lina zimenezo zidzasowa ndipo anthu adzati chaka chino tisachite.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha Oberammergau, tauni ya anthu pafupifupi 5,000 ya m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Mu 1633, mliri utapha anthu ambiri kumeneko, otsala analumbira kuti azichita sewero la masautso ndi imfa ya Yesu zaka khumi zilizonse, ndipo analichita koyamba mu 1634. Seweroli likuchitikabe, ndipo anthu pafupifupi 2,000 a m'tauni momwemo ndi amene amasewera, kuimba, kusoka zovala ndi kumanga nsanja. Munthu wamkulu amaloledwa kusewera ngati anabadwira komweko kapena wakhalako zaka 20. Kuyambira Lachitatu la Phulusa, kukatsala chaka chimodzi kuti seweroli lichitike, amuna amene adzasewere amasiya kumeta tsitsi ndi ndevu, moti tauni yonse imaoneka kuti ikukonzekera. Popeza pamadutsa zaka khumi pakati pa sewero lina ndi linzake, palibe munthu mmodzi amene angalisunge yekha. Mwana amene anaima m'khamu ali ndi zaka 8 amadzakhala ndi zaka 18 pa sewero lotsatira, ndipo amakhala atadziwa kale kayendedwe kake.

Phunziro lake kwa ife n'lakuti ntchito iliyonse ikhale ndi anthu awiri, mwini ntchito ndi wothandiza amene ndi wamng'ono kwa iye ndi zaka zosachepera khumi. Wophunzitsa kwaya akhale ndi wachinyamata amene amayambitsa nyimbo ziwiri kapena zitatu pa tsiku lenilenilo. Wophika wamkulu akhale ndi wina amene wapatsidwa mphika wakewake kuyambira poyatsa moto mpaka pogawa. Wothandizayu asamangotumidwa kukatunga madzi ndi kunyamula mipando, chifukwa munthu amaphunzira ntchito imene waigwira ndi manja ake ndi kuilakwitsa. Mwini ntchito aziuzidwa poyamba pomwe kuti pakatha zaka zitatu kapena zinayi adzasiyira wothandiza wake n'kukhala mlangizi. Mawu amenewa ndi ovuta kuwauza munthu amene wadzipereka kwa nthawi yaitali, ndipo ayenera kunenedwa mwaulemu ndi moyamikira, koma ndi bwino kuwanena munthuyo akadali ndi mphamvu zophunzitsa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la chikondwerero limalemera kwambiri kuposa mmene oonerera amaganizira.

Ana apatsidwe ntchito yeniyeni imene anthu angaione. Mu 1880, bishopu Edward White Benson anakonza mapemphero a usiku wa pa 24 Disembala m'tchalitchi chongoyembekezera chamatabwa ku Truro, ku England. Mapempherowo anali ndi zigawo 9 zowerenga m'Baibulo zolekanitsidwa ndi nyimbo, ndipo owerenga anayamba ndi mnyamata wa m'kwaya n'kumakwera mpaka kufika kwa bishopu mwiniwake. Dongosolo limeneli linatengedwa ndi tchalitchi cha koleji ya King's College ku Cambridge mu 1918, ndipo linafalikira m'mayiko ambiri. Chimene ndimachikonda pa dongosololi n'chakuti mawu oyamba amene khamu limamva ndi a mwana. M'banja mwanu mukhoza kuchita chimodzimodzi. Wamng'ono pa onse ayatse kandulo yoyamba mothandizidwa ndi wamkulu, kapena apereke mbale yoyamba kwa agogo, kapena ayambitse nyimbo, ndipo ntchitoyo izidziwika kuti ndi yake mpaka mng'ono wake atakula.

Ndinaona mmene zimenezi zimagwirira ntchito pa sewero lathu lija patapita zaka zingapo. Mtsikana wa zaka 7 anali mngelo, atavala nsalu yoyera yomangidwa ndi mapini awiri paphewa, ndipo ataima pabenchi n'kuona khamu, mawu anamuthawa. Anangoima manja ali m'mwamba, milomo ikunjenjemera. Kumbuyo kwa tebulo kunali kutanyonyomala mtsikana wina wa zaka 12 amene anakhalapo mngelo zaka ziwiri zotsatizana, ndipo ntchito yake chaka chimenecho inali yomweyo yokhala pamenepo. Anamunong'oneza liwu loyamba lokha, ndipo mwana uja anapitiriza yekha mpaka kumapeto. Palibe wamkulu amene anadzuka pampando. Ngati mukukonza sewero la ana, ikani osewera a chaka chatha kumbuyo kwa osewera a chaka chino, ndipo mudzakhala mukuphunzitsa magulu awiri nthawi imodzi.

Gulani kope

Chinthu chotsika mtengo kuposa zonse, chimenenso chikanatipulumutsa ife chaka chija, ndi kope lachikuto cholimba. Banja likhale ndi lake, ndipo komiti ya tauni ikhale ndi lake. M'kopemo mulembe dongosolo la tsikulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawu onse a sewero, mayina a nyimbo motsatana kwake, amene akusunga bokosi la zovala ndi kiyi wa holo, amene amapereka chilolezo chogwiritsa ntchito bwalo ndi nthawi yoyenera kukamupempha. Mulembenso chiwerengero cha anthu amene anabwera, kuchuluka kwa zimene munaphika, chimene chinatha msanga ndi chimene chinatsala. Pakatha zaka zitatu, manambala amenewa adzakuthandizani kuposa kukumbukira kwa munthu aliyense, chifukwa anthu amakumbukira kuti chakudya chinachepa koma sakumbukira kuti anaphika chochuluka bwanji.

Kaphikidwe ka agogo kamafuna kuleza mtima kwapadera. Mukawafunsa muyeso, adzakuuzani kuti amangoona ndi maso kapena kuti amatapa ndi dzanja, ndipo akunena zoona, koma dzanja lawo si lofanana ndi lanu. Imani pambali pawo tsiku limene akuphika, mutenge kapu ndi sipuni, ndipo chilichonse chimene atapa achithire kaye m'kapumo chisanalowe mumphika kuti muone pamene chalekezera. Lembani nthawi imene apungula moto, mtundu umene chakudyacho chimakhala nawo akamati chapsa, ndi mawu enieni amene amanena. Chaka chotsatira muphike nokha iwo atakhala pampando n'kumakuwongolerani. Nkhani zimene amakamba muzijambule mawu ndi foni atavomera, ndipo muwafunse mayina a anthu amene ali pa zithunzi zakale n'kuwalemba kuseri kwake ndi pensulo. Masamba a kope muwajambulenso zithunzi n'kutumizira anthu awiri kapena atatu, popeza kope likhoza kunyowa, kudyedwa ndi chiswe kapena kusochera posamuka.

Za ndalama

Ndalama ndi zimene zimapha miyambo ya pagulu mofulumira, ndipo chimene chimaipha si kuchepa kwake ayi, koma kukayikirana. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wokagula zinthu, chilichonse chogulidwa chikhale ndi risiti kapena mboni ziwiri, ndipo msungichuma awerenge pamaso pa anthu zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka chikondwerero chikangotha. Zopereka ziyambe kusonkhanitsidwa pang'onopang'ono miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo amene alibe ndalama aloledwe kupereka nkhuni, mipando kapena tsiku la ntchito popanda kuchititsidwa manyazi. M'banja, musakongole chifukwa cha chikondwerero, pakuti mwezi wotsatira umabwera ndi zofuna zake. Ngati banja ndi lalikulu, lembani mayina pa timapepala, aliyense atole kamodzi n'kukonzera mphatso munthu mmodzi yekhayo, pa mtengo umene nonse mwagwirizana.

Chakudya cha anthu ambiri

Kuphikira khamu n'kosiyana ndi kuphikira banja, chifukwa chakudya chimapsa m'mawa n'kudikira mapemphero kapena zolankhula zimene zatalika. Bungwe la WHO loona zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamalo wamba kupitirira maola awiri, kuti chotentha chisungidwe pa kutentha kopitirira madigiri 60, ndipo chozizira chikhale pansi pa madigiri 5. Pakati pa miyeso iwiriyi tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira. Nyama ipse mpaka mkati, kufika madigiri 70, ndipo msuzi wake usaoneke wofiira. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zisakhudze zakudya zimene zidyedwe zosaphika. Ngati mulibe firiji yokwanira, konzani dongosolo mwakuti kudya kukhale pafupi ndi nthawi yophula, ndipo wotsogolera mwambo auzidwe kuti nthawi ya chakudya siisunthidwa chifukwa cha wolankhula aliyense. Pakhomo la malo odyera pakhale madzi oyenda ndi sopo, ndipo ntchito yothirira anthu madzi m'manja ndi ina mwa ntchito zimene ana amazigwira monyadira. Ophika afunsenso pasadakhale ngati pali amene thupi lake limadana ndi zakudya zina. Makandulo asakhale pafupi ndi nsalu kapena zovala za osewera, ndipo amene adzayendetse galimoto pobwerera asankhidwe chikondwerero chisanayambe kuti asamwe mowa.

Amene sabwera okha

M'tauni yaing'ono aliyense amadziwa nyumba imene munagwa maliro chaka chino, nkhalamba imene ana ake sabwera, ndi banja limene langosamukira kumene. Mumzinda waukulu zimenezi zimabisika, koma inu muli ndi mwayi wozidziwa, ndipo mwambo wabwino umagwiritsa ntchito mwayi umenewu. Asilamu anaziika m'dongosolo lenileni la chikondwerero. Chopereka cha Zakat al-Fitr chimaperekedwa pemphero la Eid lisanachitike kuti osauka nawonso akhale ndi chakudya tsikulo, ndipo nyama ya pa Eid al-Adha ambiri amaigawa patatu, gawo lina la banja, lina la abale ndi anansi, lina la osowa. Chimene tingaphunzirepo tonse n'chakuti kukumbukira ovutika sikusiyidwa kuti kudikire zotsala, koma kumakhala ndi nthawi yake ndi muyeso wake kuyambira pachiyambi.

Anthu otere musawaitane ndi chilengezo cha pagulu, chifukwa munthu wachisoni amamva chilengezo n'kuganiza kuti chikunena ena. Pitani kunyumba kwake anthu awiri, mukhale pansi, ndipo mum'pemphe thandizo pa chinthu chimene amachidziwa, kaya ndi kusoka, kuimba kapena kuyang'anira ana. Munthu amabwera mosavuta kumene akufunika kusiyana ndi kumene akumveredwa chisoni. Akakana, musamukakamize, koma mum'tumizire mbale ya chakudya ndipo mudzam'pemphenso chaka chamawa. Mukamuuza kuti mubwera kudzamutenga, tchulani ola ndi dzina la wodzamutengayo, kuti asakhale atavala n'kumayang'ana kumsewu.

M'banja limene lataya munthu, chikondwerero choyamba chimakhala cholemera, ndipo anthu ambiri amayesa kuchidutsa osatchula dzina la malemuyo poopa kulizitsa anzawo. Ine ndaona kuti kukhala chete koteroko kumapweteka kwambiri. Ndi bwino kupatula kanthawi musanadye, wina atchule dzina lake n'kukamba chinthu chimodzi chimene ankachita pa tsiku ngati limeneli, ndipo ntchito imene inali yake iperekedwe kwa wina pamaso pa onse. Misozi idzatuluka, koma pambuyo pake anthu amadya momasuka, ndipo ana amaphunzira kuti wopita saiwalika.

Ngati m'tauni muli zipembedzo zosiyanasiyana, lekanitsani gawo la mapemphero ndi gawo la onse, monga masewera a ana, mpira ndi chakudya, kuti mnansi wa chikhulupiriro china abwere popanda kuumirizidwa kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chake. Mufunseni zimene sadya ndi nthawi imene amapemphera, ndipo iye akadzakuitanani pa tsiku lake, mupite.

Kusintha ndi kuphonya chaka

Padzafika nthawi imene achinyamata adzafune kusintha zina, ndipo akuluakulu adzati sitinayambe tachitapo choncho. Apa zinthu ziwiri kapena zitatu zija munasankha poyamba zimathandiza, chifukwa mukhoza kunena kuti izi zokha zikhale mmene zilili, ndipo zina zonse achinyamata aziyese m'njira yawo. Ngakhale ku Oberammergau zinthu zasintha. Kufikira mu 1990, amayi okwatiwa komanso amayi opitirira zaka 35 sankaloledwa kusewera, ndipo lamuloli linathetsedwa ndi khoti. Mawu a sewerolo akonzedwanso kangapo pofuna kuchotsa zigawo zimene zinkanyoza Ayuda. Kusintha kumeneku kunabwera ndi mikangano yowawa, koma seweroli silinafe nako. Ngati mwambo wanu uli ndi mbali imene imachititsa wina manyazi kapena kumutsekera kunja, ichotseni inu eni ake asanachite kuchoka anthu.

Chaka china mliri, maliro kapena mvula yamkuntho zidzakulepheretsani. Sewero la ku Oberammergau la 1920 linachitika mu 1922 chifukwa cha mavuto a pambuyo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ndipo la 2020 linachitika mu 2022 chifukwa cha Covid-19, pamene tsiku latsopano linalengezedwa nthawi yomwe ankaimitsa loyambalo. Inunso mukalephera, musangonena kuti tidzaona. Tchulani tsiku lina pomwepo, kapena chitani kachigawo kakang'ono ka mwambowo, ngakhale nyimbo imodzi pakhonde ndi anthu asanu, kuti chakacho chilembedwe m'kope ngati chaka chimene munachita.

Sabata yotsatira

Msonkhano wofunika kwambiri ndi wa pambuyo pa chikondwerero, ndipo ndi umene anthu amauthawa chifukwa chotopa. Uchitike sabata isanathe, zinthu zikadali m'maganizo, ndipo usapitirire ola limodzi. Msungichuma awerenge ndalama, aliyense anene chinthu chimodzi chimene chinayenda bwino ndi chimodzi chimene chinavuta, ndipo mlembi alembe zonsezo m'kope osatchula dzina la wolakwa. Othandiza aja afunsidwe zimene akuona kuti angathe kuchita okha chaka chamawa, ndipo zimene anenazo zilembedwe pansi pa mayina awo. Zinthu zobwereka zibwezedwe kwa eni ake ndi mawu othokoza, zoswekazo zitalipiridwa.

Zovala za sewero zichapidwe, ziume bwino, zong'ambika zisokedwe tsopano lino, kenako zipindidwe n'kulowa m'bokosi pamodzi ndi pepala lonena zimene zilimo. Bokosilo lisungidwe pamalo ouma amene anthu osachepera atatu akuwadziwa, ndipo kiyi wachiwiri aperekedwe kwa wothandiza wamng'ono uja anthu onse akuona. Musanabalalike, tsegulani tsamba latsopano la kope, mulembe pamwamba tsiku la msonkhano woyamba wa chaka chamawa ndi dzina la amene adzaitane anthu.